Mbawala Yodwala Chifuwa

A Tipene sanabwereko kosaka. Inali nyengo imene mbawala zamphongo zimabangula m'mapiri athu a ku New Zealand kuno, ndipo mdalayo anakwera yekha ndi mfuti monga mwa chizolowezi. Galimoto yawo inapezeka pothera msewu, mwini wake osaoneka.

Ngaire, mwana wa mlongo wawo, anasiya galimoto ya thanki ya mkaka imene amayendetsa. Dougal, mnansi wawo, anasiya nkhosa zili zometa mbali imodzi. Kwathu timatero: munthu akasochera timanyamuka, za malipiro sitifunsa. Koma mwezi umenewo khansala Pritchard anali atatitopetsa pa wailesi, eti wosochera azilipira yekha helikopita ngakhale agulitse nyumba. Lamulo lotero kunalibe, inali pakamwa chabe pa munthu amene sananyowepo nsapato m'nkhalango.

Awiriwo atalowa m'nkhalango, mtsinje anaupeza utakwiya, wofiira, ukugubuduza miyala.

"Tidikire uphwe?" anafunsa Dougal.

"Amalume ali ndi nthawi yodikira? Gwira lamba wanga."

Anagwirana m'chiuno nalowa. Madzi anafika m'chifuwa, ozizira ngati a mufiriji. Dougal anaterereka, Ngaire n'kumukoka ndi lamba mpaka tsidya. Anamwa tiyi ali chiimire, mano akugwedezeka, kenako anayamba chikweza.

Anaimba wezulo. Anakuwa dzina. Nkhalango inangoti zii, mvula yokha pamasamba.

Dzuwa litapendeka anafika pamene phiri linagumuka. M'matope munali nyanga ya ng'ombe imene a Tipene ankaliza potsanzira mbawala yamphongo kuti inzake iyankhe. Chapansi pake Dougal anasolola chinthu pansi pa muzu: chipewa chofiira cha a Tipene, chopindidwa bwinobwino, chotsindiridwa ndi mwala.

"Ichi sichinagwe chokha," anatero. "Helikopita inadutsa pano dzulo osaona kanthu."

Ngaire anachiyang'ana.

"Akutibisalira. Akutimva bwinobwino mdala ameneyu, koma akuopa zonena za Pritchard."

"Ndiye titani? Ziyangoyango zimenezi tingafufuze mpaka Khirisimasi."

Ngaire anapukuta nyanga ija. Ali mtsikana amalume akewo anayesa kumuphunzitsa kubangula mpaka anagwa ulesi, n'kumuletsa kuikhudzanso. Tsopano Ngaire anakoka mpweya nauzira. Abale, phokoso lake! Ngati ng'ombe yotsamwa mbatata. Dougal anagwira makutu. Ngaire anauziranso, moipa kuposa poyamba.

Kenako mawu anatuluka kuchigwa, osasa koma aukali.

"Iwe Ngaire! Mbawala yake iti imalira choncho? Yodwala chifuwa? Tula pansi nyanga yanga!"

Anatsetsereka mokhwekhwereza matako, akugwira mizu. Anawapeza pansi pa thanthwe atadzifunditsa masamba, milomo ili bii. Mwendo wamanzere unali utathyoka pansi pa bondo, fupa lili panja, ndipo fungo lake linanena zonse. M'khosi munalendewera kachipangizo koitanira opulumutsa, kosadinidwa.

"Bwererani, sindinakuitaneni," anatero a Tipene. "Ndikwawa ndekha."

"Mukwawa mpaka kuti, amalume?"

"Nyumba ija ndinamanga ndi malemu azakhali ako. Sindiigulitsa chifukwa cha ndege."

Ngaire anagwada, misozi ndi ukali zikutuluka pamodzi.

"Inuyo mwanyamula anthu angati m'mapiri muno? Ana a sukulu aja, mlendo uja wa ku Germany amene anakwera atavala nsapato za mpira? Munawalipiritsa?"

"Nthawi zasintha, mwana wanga."

"Sizinasinthe! Msonkho tinapereka kale tonse, miyendo ndi yathu. Amene akufuna kukulipiritsani ayambe wadzakumana ndi ine."

Anadina kachipangizo kaja ndi chala chake. Dougal anavula jekete nawafunditsa mdalayo, n'kuyamba kudula nthambi kuti chingwe cha helikopita chipeze potsikira.

"Ndipo kubangula sudzakutha iwe," anang'ung'udza a Tipene, dzanja lawo litagwira la Ngaire zolimba.

Mitambo itang'ambika pang'ono, helikopita inafika. Moyo unapulumuka, mwendo ayi. Adokotala ananena mosabisa kuti a Tipene akanaitana thandizo tsiku lomwe anagwalo, bwenzi akuyenda ndi yonse iwiri.

Patapita miyezi, Pritchard anaitanitsa msonkhano muholo, nkhani yake yomweija. Ali mkati molankhula, chitseko chinatseguka. Ndodo zinamveka pathabwa, go, go, go. A Tipene anadutsa pakati pa anthu, Ngaire ndi Dougal ali pambuyo. Atafika kutsogolo anatulutsa jombo yamanzere m'chikwama, idakali ndi matope a kuphiri, naikhazika patebulo pamaso pa khansalayo.

"A Pritchard, mumafuna wosochera azilipira," anatero. "Ine ndinakumverani, ndipo ndalipira. Tengani, ndilibe nayonso ntchito."