Ndevu za Harmat

Basi yochokera ku Kecskemét inachedwa monga mwa chizolowezi chake, ndipo Emese anaima pasiteji atasenza chishalo cha kavalo paphewa, thukuta lili kamukamu. Anali akuchokera nacho kwa wosoka zikopa. Posakhalitsa galimoto yokoka ngolo ya akavalo inaima pafupi naye, mnyamata wina n'kusuzumira pawindo.

"Achemwali, kavalo wakuthawani, kapena mwamugulitsa n'kutsala ndi chishalo?"

"Kavalo wanga sathawa," anayankha Emese. "Amene amathawa ndi anyamata ofunsa mafunso pamsewu."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira pamimba. Koma abale, mano ake! Oyera mbee, kuseka kwake kokoma ngati sanalakwirepo munthu chibadwire. Anati dzina lake ndi Zalán, ndipo ntchito yake inali yokonza akavalo a anthu olemera akamapita ku zionetsero: kuwasambitsa, kuwapesa, kuwaluka manyenje a pakhosi ndi kuwayendetsa pamaso pa oweruza.

"Kwerani ndikakutuleni. Nanga mwini chishaloyu dzina lake ndani?"

"Harmat."

Zalán anakhala kaye chete, manja ali pachiwongolero. "Harmat wa malemu a Szalai? Wofiirira uja, wa kadontho koyera pamphumi?"

Emese anavomera ndi mutu. Munthu wodziwa kavalo wa bambo ake! Iye anaona ngati kudabwa kwa mnyamatayo kunali chimwemwe.

Bambo ake a Emese anamwalira m'nyengo ya chisanu, asanakwanitse kupita ndi Harmat ku chionetsero chachikulu cha m'dera lawo, chomwe ankachilota usana ndi usiku. Mchimwene wamkulu wa Emese, Lehel, sankafuna zambiri. Iye maso ake anali pa mitengo ya zipatso za maapurikoti, ndipo busa la kavalo ankaliona ngati munda wongowonongeka.

"Tamvera, mlongo wanga," anatero tsiku lina ali pachitsime. "Ndikupatsa chionetsero chimodzi chokha. Akatenga chikho, akhala pano azibereka. Akalephera, ndikumugulitsa ku Budapest, azikanyamula ana a mabwana."

Ndiye inu mukuona bwanji? Mtsikana woti sanalowepo m'bwalo la chionetsero, n'kukumana ndi katswiri wa zionetsero pasiteji ya basi! Emese anati ndi Mulungu wamutumizira.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo.

"Njiwa yanga, wafika bwino? Galimoto yangayi ikununkhirabe iwe."

"Ikununkha chishalo, bodza bwanji!"

"Ngakhale chishalo chako ndi chokoma kuposa maluwa a ena, duwa langa."

Lamlungu lililonse Zalán ankabwera kufamu atanyamula timikate ta tchizi totentha. Anamuphunzitsa Emese kuthamanga pambali pa kavalo osamukoka, kumuimika miyendo ili chilili, khosi litatambasuka. Akatopa ankakhala pansi pa mtengo wa mthethe, mutu wa Emese uli paphewa pake.

"Chionetsero chikangotha," ankatero Zalán, "ndikubwera ndi makolo anga kudzakupempha. Zikalata za mpikisano usavutike nazo, ndikulembetsera ndekha. Iwe ntchito yako ndi kundikonda basi."

Emese anakhulupirira. Akanakana bwanji? Chimwalirireni bambo ake, panalibe munthu anamulankhulapo mokoma chotere.

Vuto linabwera tsiku limene Zalán anagwira Harmat pamlomo n'kuyamba kupukusa mutu.

"Koma ndevu izi, mtima wanga! Ngati za tonde. Zimenezi zichoke."

"Zichoke bwanji?" Emese anadzidzimuka. "Ababa ankati ndevu ndi maso a pakamwa. Kavalo saona chimene chili pansi pa mphuno yake. Ndi ndevuzo zimene zimamuuza kuti apa pali msomali, apa pali minga, apa pali dzanja la munthu."

"Bambo ako anali mlimi wabwino, koma sanali woweruza. Oweruza amafuna nkhope yosalala. Ukalowa naye chonchi, anthu akakuseka, ndipo mchimwene wako akamukweza mugalimoto ya ku Budapest iwe ukuona."

Emese anakamufunsa Lehel, akuyembekeza kuti amuikira kumbuyo. Ayi ndithu.

"Akunena zoona," anatero Lehel. "Agogo ankachita kuziwaula ndi kandulo. Wayiwala zithunzi zija? Kavalo wa chionetsero amametedwa, ndi mwambo wakalekale."

Sabata imeneyo Emese chakudya sichinkalowa. Ankangopita kukhola, kukaima n'kumayang'ana Harmat akufufuza udzu m'chodyeramo, ndevu zikuyenda patsogolo, mlomo ukutsatira. Zalán anasiya kuimba foni. Tsiku lachitatu kunabwera meseji imodzi yokha.

"Ngati sungandikhulupirire pa tindevu ta kavalo, udzandikhulupirira pa banja?"

Mayo ine! Mawu amenewo anamulasa Emese pamtima penipeni. Analira, n'kulemba kuti: "Ndimeta. Usandisiye."

"Ndiye njiwa yanga imeneyo! Koma usamete lero. Udzamete m'mawa wa tsiku la chionetsero, muli kale pabwalo, kuti nkhope idzakhale yosalala bwino. Ine ndidzakhala wotanganidwa ndi akavalo a mabwana, usadzandifunefune. Tidzaonana utanyamula chikho."

Tsiku lija linafika. Pabwalo panali piringupiringu, magalimoto, akavalo akulira, fungo la mikate yokazinga ya adyo, azibambo a zipewa zakuda akulawa kachasu wa maapurikoti dzuwa lisanakwere n'komwe. Lehel anapita kukasaka poimika galimoto. Emese anatsala yekha m'kakhola kamene anapatsidwa, ndi Harmat amene anali akuwala ngati wapakidwa mafuta.

Anatulutsa sizasi yakale ya bambo ake. Harmat anatsitsa mutu n'kuyamba kununkhiza m'thumba la jekete yake, kufuna shuga. Ndevu zinamugirigisha padzanja, monga zinkachitira kuyambira ali kamwana.

"Undikhululukire, mwana wa ababa," ananong'ona Emese, misozi ikutsika. "Ndikuchita izi kuti usachoke."

Anagwira ndevu imodzi n'kupana. Sizasi inangoipinda. Anayesanso, osatheka. Inali itachita dzimbiri chigonereni m'bokosi nyengo yonse ya chisanu, yobuntha yoti singadule ngakhale ulusi.

Atani tsono? Nthawi inali kutha. Anakumbukira kuti Zalán amayenda ndi makina ometera. Inde anati asamufunefune, koma wokondedwa wako angakukalipire chifukwa chobwereka makina? Emese anathamangira ku makola a kumapeto, kumene kumakhala akavalo a anthu olemera.

Anamupeza atagwada, akupaka mafuta ziboda za kavalo wamkazi wotuwa, wokongola zedi. Manyenje olukidwa bwinobwino, mchira wopesedwa, chilichonse m'malo mwake. Emese asanamuitane, maso ake anagwera pamlomo pa kavaloyo. Kavalo wotuwayo anali ndi ndevu zake zonse, zazitali kuposa za Harmat.

"Zalán, wachikondi, mtsikanayu akufuna chiyani?"

Wofunsayo anali mtsikana wa nsapato zazitali zonyezimira, atatsamira chitseko cha khola. Pachala pake panali mphete. Zalán atatembenuka n'kuona Emese, botolo la mafuta linamupulumuka.

"Ndabwera kudzabwereka makina ometera," anatero Emese pang'onopang'ono. "Ndikufuna kumeta ndevu za kavalo wanga."

Mtsikanayo anaseka, koma osati mwachipongwe. "Asisi, mwachokera kuti? Zimenezo zinatha! Masiku ano dokotala wa ziweto amaima pachipata n'kumagwira kavalo aliyense pamlomo. Wometedwa ndevu amamubweza pomwepo, salowa n'komwe. Wakunamizani ndani? Zalán, tawauza."

Zalán anawerama kukatola botolo lija.

"Inu ndinu ndani wake?" anafunsa Emese.

"Ndine Kinga, chibwenzi chake. Kavaloyu ndi wa bambo anga. Amulonjeza kuti akatenga chikho lero, ukwati ndi wa chaka chino, ndipo makola athu onse akhala m'manja mwake."

Pamenepo zonse zinamveka. Kukhala chete kuja m'galimoto atamva dzina la Harmat. Timikate ta Lamlungu. Kulembetsa yekha mpikisano, kuti Emese asaone malamulo ake. "Udzamete muli kale pabwalo," kuti pasapezeke womuchenjeza. Zalán ankadziwa kuti m'dera lonselo kavalo woti angagonjetse wotuwayu anali mmodzi yekha, ndipo anafuna kuti mwini wake amuwononge ndi manja ake.

"Emese, njiwa yanga, dikira ndikufotokozere…"

"Njiwa yako?" anakuwa Kinga.

Emese sanakuwe. Anangotulutsa foni n'kumupatsa Kinga. "Werengani, asisi. Yambani ndi meseji ya za ndevu."

Kinga anawerenga, nkhope ikusintha. Atamaliza anavula mphete n'kuiponya m'chidebe cha madzi a kavalo, chubwi!

"Kaitole ndi mano akowo," anatero. "Ndipo siya chingwe cha kavalo wanga. Ndimuyendetsa ndekha."

Paja akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Zalán anatsala ali chilili pakati pa makola, manja ali mafuta okhaokha.

Emese anabwerera akuthamanga. Mtima unkamupweteka zedi, tisanamizane. Anamukondadi mnyamata uja, ndipo chikondi sichitha ngati kuzimitsa nyale. Anakumbatira khosi la Harmat n'kulira mosadziletsa. Lehel anawapeza choncho.

"Chavuta n'chiyani? Bwanji sunamete?"

"Achimwene, sitimeta. Ababa ankanena zoona." Anapukuta misozi ndi mkono wa jekete. "Ndigwirireni chipewachi."

Pachipata, dokotala wa ziweto, mayi wachikulire wa magalasi, anayendetsa dzanja pamlomo pa Harmat.

"Zonse zilipo," anatero. "Lowani, mwanawe."

Lehel anaona mlimi wina wa kutsogolo kwawo akubwezedwa ndi kavalo wake wometedwa bwinobwino, akudandaula kuti agogo ake ankameta chomwecho. Lehel anakumbukira mawu ake a kandulo aja n'kuyang'ana kumbali.

Ndiye Emese anathamanga! Anathamanga ndi mkwiyo wake wonse, ndi chisoni chake chonse, chingwe chili lendelende monga anaphunzitsidwa ndi wabodza yemwe uja. Harmat anaponya miyendo ngati sakuponda pansi, khosi m'mwamba, ndevu zikuwala padzuwa. Anthu anasiya kudya. Bambo wina wachikulire anavula chipewa n'kufuula kuti, "Ameneyo ndi wa Szalai! Magazi sanama!"

Kumapeto kunatsala awiri, wofiirira ndi wotuwa. Oweruza anazungulira, ananong'onezana, anazunguliranso. Kenaka wamkulu wa oweruza anayenda molunjika n'kudzamangirira riboni pachingwe cha Harmat.

Bwalo lonse linaphulika ndi m'manja. Kinga anali woyamba kudzamugwira chanza. Ndipo Lehel, Lehel yemwe uja wa maapurikoti, analumpha mpanda ngati kamnyamata, chipewa cha mlongo wake chili m'manja, akulira poyera.

"Ndani anati agulitsidwa? Ndani? Ndimuone!"

"Ndinu, achimwene."

"Ndinali nditaledzera!"

Akutuluka ndi chikho, Zalán anawatchingira njira. Anali atasintha malaya, wavala oyera, kumwetulira kuja kwabwereranso.

"Duwa langa, wapambana! Ndinkadziwa ine. Za Kinga zija zinali za ntchito chabe. Amene ndimamukonda ndiwe, ndikulumbira."

Anatambasula dzanja kuti asisite Harmat. Kavaloyo anatsitsa mlomo, ndevu zinakhudza chikhatho chake, anafwenkhula pang'ono. Kenaka anayetsemula mwamphamvu, mamina ndi timaudzu tobiriwira waa! pamalaya oyera aja. Anthu amene anali pafupi anafa nazo nseko.

Emese anamuyang'ana mnyamatayo. Anadabwa kuona kuti mano aja anali mano wamba.

"Bambo Zalán," anatero, ndipo ulemu umenewo unamupweteka mnyamatayo kuposa mbama, "zikomo pondiphunzitsa kuthamanga. Tsopano tipatseni njira."

Foni inalira kangapo ali m'njira yobwerera kwawo. Emese sanaiyang'ane. Atafika kufamu anatenga sizasi yadzimbiri ija, anaipsompsona, n'kuikoleka pamsomali pamwamba pa chitseko cha khola, pambali pa riboni.

"Ndikakunolere?" anafunsa Lehel.

"Mukangoyerekeza, achimwene, ndikugulitsani ku Budapest."

Harmat anatulutsa mutu pachitseko, ndevu zake zonse zikufufuza m'thumba la Emese, mpaka anaupeza shuga wake.