Mapisitoni a Hamadi

Chaka cha njala ya 2002, anthu a ku Nsanama ankaphika mango osakhwima ndi kusinja zitsa za nthochi. Hamadi anali makaniko, koma makaniko wa chiyani poti ngakhale njinga anthu anali atagulitsa? Kuseri kwa nyumba yake kunali lole ya Bedifodi imene anasiya malemu bambo ake. Inafa kalekale pisitoni imodzi itasweka, ndipo nkhuku zinkaikira m'menemo mpaka nazonso zinadyedwa.

Koma chimene chinkamudya moyo Hamadi si njala yokha. Anali Jasten, amene anaphunzira naye ntchito pa galaja imodzi ku Liwonde, munthu woti ngakhale kumanga tayala ankachita kufunsa. Jasten ankatuta chimanga ku Nayuchi kukagulitsa ku Balaka, ndipo pamene anthu ankaonda, iye mimba inali itayamba kugunda chiwongolero. Akamadutsa ankaliza hutala. Hamadi ankakweza dzanja, koma mumtima munali bii.

Tsiku lina anayenda wapansi mpaka kuseri kwa Nselema, kwa a Chande, sing'anga amene anthu ankamutchula motsitsa mawu. Anawapeza masana akusoka thumba pakhonde.

"Mwabwera ndi njala kapena ndi lole?" anafunsa a Chande osadzutsa mutu.

"Zonse, ambuje."

"Njala sindichiza ine. Lole ndiye ingadzuke, ndipo ikulemeretsani. Koma chitsulo chilibe mpweya wakewake, bambo. Chimatenga kwa anthu."

"Anthu ake ati?"

"Odya nanu mbale imodzi." Anatulutsa kansupa ka mafuta akuda. "Pisitoni yatsopano iliyonse muipake awa, muitchule dzina la munthu wa pakhomo panu, kenako mumange. Ikamapuma iyo, mpweya wa munthuyo uzichepa."

"Mpaka liti?"

"Makaniko ndinu. Munthu ndi chitsulo amayamba kutha ndani?"

Hamadi anati, "Yosweka ndi imodzi yokha, ambuje."

"Ndiye dzina limodzi. Koma yolowa yopanda dzina imadzisankhira yokha."

Pobwerera anali atasankha kale. Pakhomo pake panali anthu asanu: mkazi wake Nafisa, ana awiri Umar ndi Salma, mng'ono wake Swaibu, ndi mayi ake okalamba, amene anali atayamba kale kukana chakudya kuti adzukulu adye. Anadziuza kuti mayiwo sakanafika n'komwe nthawi yokolola. Munthu akafuna kuchita choipa, mutu wake umagwira ntchito mofulumira zedi.

Anagulitsa dimba ndi malata a nyumba, n'kukweza injini pa matola mpaka ku Balaka kwa Yotamu, wogulitsa zitsulo za malole akale. Yotamu analowetsa chala mu silinda, bowo limene munkayenda pisitoni yosweka ija, n'kupukusa mutu.

"Njira ndi ziwiri, achimwene. Ndikhoza kukonza iyi yokha, muikemo pisitoni imodzi ya saizi yakale. Iziyenda, koma ngati nkhalamba, matumba makumi atatu basi. Kapena tiboole zonse zisanu ndi imodzi, muike pisitoni zazikulupo izi, ndi maringi ake. Pamenepo mudzaza mpaka pamwamba, chitunda chilichonse osasintha giya. A Jasten aja azingodya fumbi lanu."

"Zazikuluzo osaika imodzi yokha?"

"Iyayi, mukufunsa ngati si inu makaniko bwanji? Izi zimalowa zonse pamodzi. Imodzi yokha ingathyole injini."

Hamadi ankadziwa. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mapisitoniwo m'bokosi, oyera mbee, okulungidwa m'mapepala amafuta. Sanamve mantha kapena chisoni. Anangomva pakamwa pake pakunena kuti, "Tiboole zonse."

Anamanga injiniyo m'mawa wa Loweruka, ana akusewera chapafupi. Anayamba ndi dzina la mayi ake. Kenako Swaibu. Salma. Umar. Pa dzina la Nafisa sipanala inamugwa m'manja, anaitola. Yotsalayo anaipaka mafuta n'kuimanga ali chete, poti mayina anali atatha, ndipo lake analiumira.

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Lole yakalekale ija inayamba kututa chimanga, ikupitirira malole atsopano pamsewu, ndipo pasanathe mwezi Hamadi anali atakhomanso malata. Chimanga chinadzaza chipinda chonse. Anthu ankabwera kudzagwada pakhomo pake kupempha madeya.

Mayi ake anamwalira sabata yachitatu. Swaibu, mnyamata wamphamvu wonyamula thumba ndi dzanja limodzi, anatsatira mwezi wotsatira. Palibe anadabwa. Chaka chimenecho maliro sankafunsidwa chifukwa chake, ankangofunsa ngati sanda yapezeka. Hamadi ananyamula jeneza, mtembo uli momwemo, pa lole yomweyo, maso ali gwa, ndipo anthu anamuyamikira kuti ndi wolimba mtima.

Nafisa yekha ndi amene ankaona. Salma atayikidwa m'manda, anamupeza mwamuna wake akuthira dizilo.

"Bambo a Umar, chakudya chilipo m'nyumba muno. Nanga anthu akutha ndi chiyani? Mukangoliza loleyi, Umar amagwira pachifuwa. Inenso ndimamva ngati wina wandikhalira."

"Ndi fumbi la chimanga," anayankha, n'kutseka thanki.

Komabe mawa lake anapita kwa a Chande. "Ambuje, ndikufuna ndizimasule pisitoni zija. Otsalawa akhale moyo."

"Masulani," anatero a Chande mofatsa. "Mukamasula, atha tsiku lomwelo. Mukaimika lole osayenda, chimodzimodzi. Ikamayenda, azitha pang'onopang'ono. Sankhani bambo, kusankha mumakutha inu."

Choncho Hamadi anapitiriza kuyendetsa. Ankatuta chimanga chimene sankachifunanso, akudziwa kuti chitunda chilichonse chikumudya mwana wake. Anayesa kuyenda pang'onopang'ono, wopanda katundu, koma injini inali yamphamvu monga anaifunira. Umar anamwalira anthu atayamba kudya zobiriwira. Nafisa anapirira mpaka mwezi wa June, ndipo sanamulankhulenso mwamuna wake mpaka tsiku lomaliza.

Pisitoni yopanda dzina ija inasankha sabata yomweyo. Anthu ogulitsa tomato pa Phalula anaona lole itaima pakati pa msewu, injini ikulira bwinobwino, dalaivala atagwira chiwongolero, maso ali tong'o. Anachita kumumasula zala. Hamadi sankadziwanso dzina lake kapena kwawo. Chifuwa chake chokha chinkangogunda, akupumira m'mwamba ngati wathamanga mtunda wautali.

Sanafe. Anakhala zaka zambiri akuzungulira pa depoti ya Balaka wopanda nsapato, akutola makoko a nthochi, ndipo lole ikalira pafupi ankagwa pansi n'kugwira pachifuwa. Lole yake ija inatengedwa ndi anthu osadziwika.

Njala ya chaka chimenecho inapha anthu ambiri, koma a pakhomo pa Hamadi anafa chimanga chili mpaka kudenga. Chuma cha zitsamba sichibwera chaulere, ndipo wadyera akangovomera kupereka munthu mmodzi, sakhutira mpaka atapereka onse.