Milomo ya Lualhati

Lualhati Dimaano anakumana ndi Renzo tsiku limene akanatha kuluma munthu. Timu ya sekondale yawo inali itangogonja, ndipo Lualhati anaima pokwerera jipini, timabasi ta mumzinda wa Iloilo, mpira wa basiketibo uli kukhwapa, nkhope ili gwaa.

Mnyamata wina anamuponda nsapato.

"Maso unawasiya kunyumba?" anakalipa Lualhati.

Mnyamatayo anayang'ana nambala ya pa yunifolomu yake. "Pepani, nambala seveni. Maso anga atsalira pabwalo paja. Mumasewera nokhanokha, anzanu akungozungulira ngati ali pamsika."

"Ndiye ndikuombere m'manja?"

"Ayi. Mungondipatsa nambala inayo, ya foni."

"Choka apa!"

Anachokadi. Koma mawa lake anabweranso, mkuja wakenso, atanyamula nthochi zokazinga za shuga. Sabata yachitatu Lualhati anapereka nambala. Mtsikana woopedwa ndi Iloilo yense, kugonja ndi nthochi!

Basi mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Nyenyezi yanga, wadzuka bwanji? Ine mtima ukungodunda ngati mpira uli m'manja mwako."

"Wapamtima, ngakhale dziko lonse litakuwowoza, ine ndidzakhala ndikukuchemerera ndekha."

Lualhati ankayankha kuti, "Bodza lako," koma ankawerenga katatu.

Atamaliza sekondale, koleji ya Santa Rufina inamutenga pamodzi ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Pilar. Ankaphunzira ulere, bola akhale m'timu. Kwa Lualhati khomo la koleji linali lomwelo, lina kunalibe. Kochi wawo, Mayi Ditas, munthu amene mano ake sanaonekepo, ananeneratu tsiku loyamba.

"Wotulutsa chinsinsi cha timu ino atuluke nacho limodzi. Ndi sukulu yomwe. Mwamva?"

Chinsinsi chachikulu chinali pamilomo ya Lualhati. Ku Iloilo munthu saloza ndi chala, amaloza ndi milomo, ndipo mwana aliyense amakula akutsata kumene yaloza milomo ya mayi ake. Ndiye masewero akafika pothina, Lualhati ankasongola milomo kumanzere. Adani ankakhamukira komweko osaganiza n'komwe, mpira n'kuulukira kumanja kumene Pilar ankadikira. Ankachita zimenezi mwa apo ndi apo kuti anthu asatulukire. Odziwa anali atatu okha, iye, Pilar ndi Mayi Ditas.

Renzo anapita ku koleji ya San Telmo, adani enieni a Santa Rufina. Kaputeni wa kumeneko anali Divina Aguilar, mtsikana wamtali, wa pakamwa ngati lumo. Iye ndi Lualhati sankamwerana madzi.

"Kafupi iwe, ukufuna makwerero?" ankatero Divina akakumana pabwalo.

"Ndikubwereke ubongo kaye, mlongoti iwe?"

Renzo ankaseka akamva zimenezi. "Divina? Ameneyo ngakhale moni sindimupatsa, bebi. Amandinyansa."

Chaka chachitatu matimu awiriwa anafika mu ndime yomaliza. Kutatsala masiku anayi, Renzo anamutengera Lualhati kokadya supu ya batchoy, n'kumamuthirira yekha tsabola.

"Duwa langa, pali chimene chimandisowetsa mtendere. Zikathina, Pilar amapezeka bwanji ali yekha?"

"Za timu sitinena."

"Ine ndine timu? Zaka zinayi, ukundionabe ngati mlendo?" Anaika supuni pansi. "Chabwino. Ndimayesa ndine mwamuna wako wamawa."

Mtima wa Lualhati unasungunuka. Kodi munthu amene udzagone naye nyumba imodzi ungamubisire milomo? Anaulula zonse, mpaka kumuonetsa mmene amaisongolera. Renzo anaseka, n'kumugwira chibwano.

"Ndikachitulutsa chinsinsi chimenechi, Mulungu andilange."

Tsiku la masewero bwalo linadzaza mpaka pamakomo. Ng'oma, malipenga, kutukwanizana. Kutatsala masekondi asanu ndi atatu, San Telmo inkatsogola ndi pointi imodzi, mpira uli m'manja mwa Lualhati.

Anasongola milomo kumanzere.

Palibe anakhamukira kumanzereko. Divina anali atanyamuka kale kulowera kumanja! Koma mpira unali utachoka m'manja. Divina anauwakha patsogolo pa mphuno ya Pilar, n'kuukumbatira mpaka wezulo inalira.

Podutsa, anawerama n'kumunong'oneza Lualhati kukhutu.

"Renzo akuti milomo yako imanama pabwalo pokha. Kwina konse imaulula."

Lualhati anayang'ana kumene kunakhala anthu a San Telmo, ndipo anamuona Renzo. Mnyamatayo anatenga dzanja la mayi a Divina n'kuligunditsa pamphumi pake, monga achitira mnyamata wodziwika kale pakhomo. Kenako Divina anamudumphira m'khosi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

M'chipinda chovalira munali zii. Mayi Ditas anatseka chitseko ndi phazi.

"Divina sanalote. Wina wamuuza." Anatembenukira kwa Pilar. "Iwe, msuweni wako amaphunzira ku San Telmo, eti?"

"Kochi, ine ayi! Ndikulumbira!"

"Khala chete! Longedza. Lolemba ndisakuone pasukulu pano."

Atsikana ena anayamba kumulalatira Pilar. "Yudasi! Wagulitsa timu!" Pilar ankangolira, akuyang'ana Lualhati kuti amuikire kumbuyo.

Foni inanjenjemera m'chikwama cha Lualhati. Anali Renzo.

"Wapamtima, ndikufotokozera bwino. Koma usavomere kanthu kwa kochi. Palibe angadziwe kuti ndiwe. Ndikuganizira sukulu yako."

Zinali zoona, palibe akanadziwa. Akanangotseka pakamwa, chaka chimodzi chotsalacho n'kumaliza, digiri n'kutenga. Lualhati anachita mantha, ndipo anadzida chifukwa kwa kanthawi anafunadi kukhala chete.

Anaimirira, n'kuika foni m'manja mwa Mayi Ditas.

"Musiyeni Pilar. Werengani apa."

Kochi anawerenga. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri.

"Unagulitsa anzako khumi ndi awiri chifukwa chotchedwa wapamtima? Yunifolomu usiye pabenchi."

Lualhati anavula, n'kuipinda bwinobwino. Pamene ankati amugwire paphewa, Pilar anasuntha.

"Unadikira kaye mpaka anditukwane," anatero osamuyang'ana.

Panja, pakati pa chikhamu cha San Telmo chimene chinkavina, panaima bambo ake a Lualhati. Anali atatseka kagolosale kawo tsiku lonse kuti adzaonere mwana wawo, atavala malaya a Santa Rufina owathina pamimba. Atamuona akubwera maso ali psuu, anatambasula manja.

"Aa, mwana wanga, misozi ya chiyani? Mwasewera bwino! Pukuta, pukuta. Chaka chamawa chikho chimenechi udzachinyamula ndiwe."