Tsiku Limene Anaiwala WHERE

Mtsikana wina anakumana ndi Magalasi kompyuta itamukana kasanu. Mtsikanayo anali atangolembedwa ntchito mu ofesi yosunga mbiri ya antchito, ndipo bwana ankafuna mayina a madalaivala onse isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Akalemba funso lake, makinawo ankangomulavulira mawu ofiira.

"Chinthu ichi n'chamwano!" anakalipa, uku akumenya desiki.

"Sichamwano ayi, achemwali, mwangoyambira kumchira," wina anayankha kumbuyo kwake. Anali katswiri wa makompyuta, amene anzake ankamutchula kuti Magalasi. "Mumayamba ndi SELECT, kunena chimene mukufuna. Kenako FROM, kunena kumene chili. Ndiye WHERE, sefa yake, kuti zosafunika zitsale. Pomaliza, kadontho kamchira aka."

Magalasi anadina batani, mayina aja mbwee! Mtsikanayo anaseka, ndipo mtima wake unapita pomwepo.

Sabata isanathe, "achemwali" uja anasanduka "Kadontho kanga". Mauthenga a pafoni ankagwa ngati mvula.

"Kadontho kanga, funso lililonse limathera pa iwe."

"Mwezi uno ukatha, ndikaonekera kwa amalume ako. Ndikulumbira."

Mwezi unatha. Wina unathanso. Wachitatu amalume anasiya kusita jekete.

"Kodi mwamuna wakoyo akubwera wapansi?" mayi ake ankamufunsa.

Zinkamuwawa! Akamufunsa Magalasi, yankho linali lomwelo: ntchito yachuluka, tidikire pang'ono. Pang'ono pake pati? Komatu pa ntchito munthuyu sankatopa naye. Makamaka mtsikanayo akatsegula mukompyuta tebulo la mabanja a antchito, limene ankalembamo akazi, amuna ndi ana olipiriridwa kuchipatala, Magalasi ankatulukira msanga ngati waitanidwa.

"Apa usamaiwale WHERE, wokondedwa. Uziika nthambi imene wafunsidwa basi. Ukalitsegula lonse, makina amalemedwa."

Mtsikanayo ankati n'chikondi chimenecho. Kalanga ine!

Lachinayi lina mmawa Magalasi sanabwere, akuti waperekeza mayi ake kuchipatala. Bwana anaima pakhomo, nkhope ili gwa.

"Mabanja a madalaivala ndikuwafuna pompano!"

Mtsikanayo analemba, makina anakana. Anakonza, anakananso. Anamuimbira Magalasi katatu, foni inkangoitana. Mkwiyo utamufika pakhosi, anafufuta zonse n'kuyambiranso mothamanga: SELECT, FROM, kadontho kamchira. Anadina.

Mawu ofiira sanabwere. Anali ataiwala WHERE, ndipo makinawo anakhuthula mabanja a kampani yonse, nthambi zonse, mzere ndi mzere.

Ankati atseke, maso ake anagwa pa nambala ya ntchito imene ankaidziwa pamtima kuposa yake yomwe. Inali ya Magalasi. Pambali pake panali mizere itatu.

Mkazi.

Mwana, zaka zinayi.

Mwana, wa masabata asanu.

Masabata asanu! Si nthawi yomwe ija amalume anakhala tsiku lonse pakhonde atavala jekete? Mtsikanayo analemba funso la bwana molondola, anapereka pepalalo, n'kukadzitsekera kuchimbudzi. Analira mpaka maso anatupa.

Mawa lake Magalasi analowa akuimba mluzu.

"Kadontho kanga, wandisowa?"

Mtsikanayo anangotembenuza kompyuta kuti ayang'anizane nayo. Mizere itatu ija inali pomwepo.

Mluzu unazima. Magalasi anavula magalasi ake, anawapukuta, anawavalanso.

"Waiwala WHERE," anatero chapansipansi.

"Ndaiwaladi, achimwene."

"Ndimati ndikuuze, kungoti nthawi yake..."

"Miyezi itatu ndakhala ndikutukwana makina awa kuti ngamwano. Komatu iwo ndikalakwitsa amandiuza pamaso. Inu munkandisekerera, kwinaku mukundiphunzitsa kusefa ana anu."

"Wokondedwa, tamvera kaye."

"Khanda lili bwanji? Dzulo munali nalo kusikelo, eti?"



Mtsikanayo anabweza kompyuta yake, misozi ikugwera pa mabatani.

"Pitani, bambo a ana awiri. Mafunso anga ndizilemba ndekha."