Chithunzi cha Nambala Eyiti

Telala analowa mu shopumo atafungatira kathumba ngati mayi wopita ndi mwana ku sikelo. Inali shopu yopapatiza, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mafoni, ndipo m'mashelefu mwake munali makamera akale okhaokha, aja a filimu yaikulu imene chithunzi chimodzi chimadzaza chikhatho. Ena anali a maso awiri, lina pamwamba pa linzake, ena opinda ngati chikwama. Mwini wake, mdala wa maso otopa, anawatolera kwa zaka makumi anayi. Koma wowakonza tsopano anali mwana wake wamkazi, amene msewu wonse unkamutcha Dotolo chifukwa kamera iliyonse ankaitchula kuti wodwala.

"Wodwala wathu watani?" anafunsa Dotolo osadzutsa mutu.

"Kaya ngati ali moyo n'komwe," anatero Telala. "Inali ya malemu bambo anga, anamwalira ine ndisanabadwe. Mayi anaitsekera mu sutikesi. Ndaipeza mwezi watha, nawonso atatisiya."

Apo Dotolo anadzutsa mutu. Anailandira ndi manja awiri, n'kudina kabatani ka m'mbali. Kamera inatseguka, diso lake n'kutulukira kutsogolo pa mvukuto wa chikopa chakuda. Anaiika pakhutu, n'kumvetsera kachikope kamene kamaphethira pojambula. Telala ankayenera kuyang'ana kamera yake, koma maso anakanirira pa zala za mtsikanayo. Iye anali munthu wa singano, ndipo manja odziwa ntchito ankawazindikira akawaona.

"Muli filimu umu," anatero Dotolo. "Taonani pa kazenera kofiiraka, palembedwa eyiti. Kamerayi imajambula zithunzi eyiti basi, ndiye ichi n'chomaliza. Kumbuyoku simunatseguleko?"

"Ayi."

"Mwachita bwino, bwenzi kuwala kutaotcha zonse." Anapukusa filimuyo mpaka kumapeto, n'kuitulutsa. "Titsuke?"

"Musatsuke kaye. Mtima wanga sunakonzeke. Tidzatsuka wodwalayu akadzachira."

Matenda anapezeka atatu. Galasi linali ndi nkhungu, kachikope kanali katauma mafuta, ndipo mvukuto unali utabooka m'makona. Ziwiri zoyambazo Dotolo ankazitha ali chitsinzinire. Koma mvukuto wa kamera yakale chonchi ungaugule kuti?

"Tandionetsani," anatero Telala atabwera kachiwiri. "Aa, kodi si siketi ya sukulu yopindapinda iyi?"

Dotolo anaseka mpaka kasikuluu kanagwa pansi, ndipo anakafufuza onse awiri atagwada. Mdala uja, ali pampando wake wa pakona, anangokhosomola.

Telala anasoka mvukuto woyamba, unauma ngati katoni. Wachiwiri unakana kupindika. Wachitatu anauyesa m'chipinda chamdima, ataika tochi m'kati mwake, ndipo sipanatuluke ngakhale kadontho ka kuwala. Dotolo anasisita mapindowo limodzilimodzi, onse ofanana, n'kunena chapansipansi, "Manja anuwa mumawadyetsa chiyani?"

Kuchokera tsiku limenelo foni sinapumenso.

"Dotolo, wodwala wadzuka bwanji?"

"Wayamba kuphethira."

"Nanga wodwazika matendayo mumuona liti? Nayenso mtima ukumuvuta."

"Abwere Loweruka, koma asadye kanthu."

Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe". Telala ankamutcha "Dotolo wanga", iye n'kumuyankha kuti "kasingano kanga". Tsiku lina akumuperekeza pokwerera basi, Telala anamugwira dzanja.

"Ine sindiyeza kawiri," anatero. "Ndikayeza, ndayeza. Kwathu pakhonde pali benchi imene bambo anakhoma. Sipanakhalepo mkazi wina kupatula mayi ndi mlongo wanga. Wachitatu udzakhala iwe."

Mtsikana amene anazolowera kukayikira kasikuluu kalikonse anakhulupirira mawuwo onse, osasiyapo ndi limodzi lomwe.

Kamera itachira, Dotolo anaganiza zomudabwitsa mnzake. Masana ena anatenga filimu ija, n'kudzitsekera m'chipinda chamdima. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zinali zitadyedwa ndi chinyezi. Chomaliza chokha ndicho chinatuluka, chotuwa ngati chojambulidwa mu utsi. Anachiika papepala, n'kudikira chikuonekera pang'onopang'ono m'madzi.

Benchi ya pakhonde. Telala wake atakhala mbali imodzi, akumwetulira, atavala shati ya matumba atatu imene anadzisokera chaka chomwecho. Ndipo pambali pake, mutu uli pafupi ndi phewa lake, mkazi wokongola akuseka, dzanja lili pamimba. Woyembekezera!

Dotolo anachiyang'anitsitsa. Filimu ya bambo ake? Bambo ati amene anajambula shati ya chaka chino? Ndiye chifukwa chake ankati musatsuke kaye? Anataya chithunzicho m'bini, n'kulembera Telala uthenga.

"Kamera yanu yachira. Mutume munthu adzatenge. Mupereke moni kwa akazi anu, adzachire bwino."

"Akazi anga atinso, Dotolo wanga?"

Foni inalira kasanu, Dotolo n'kuizimitsa.

Kwa masiku asanu ndi anayi Telala ankabwera, ndipo nthawi zonse ankapeza nyale yofiira ya pachitseko cha chipinda chamdima itayaka, kusonyeza kuti munthu asalowe. Chinali chipinda chotsukira zithunzi, koma masiku amenewo munkangotsukidwa misozi. Tsiku lomaliza Telala anasiya pa kauntala chikwama chachikopa chimene anasokera kamerayo, kamera yomwe n'kuisiya, ndipo sanabwerenso.

Mdala anapirira mpaka kutopa. Lachisanu m'mawa anaitana mwana wake, chithunzi cha m'bini chija atachiwongola patebulo, galasi lokuzira zinthu lili m'manja.

"Khala pansi, mayi. Amene wakulizayu ndi ameneyu?"

"Bambo, zisiyeni."

"Ndazisiya. Koma ine maso anatha, tandithandize. Mthunzi wa mnyamatayu wagwera kuti?"

Dotolo anayang'ana monyinyirika. "Kumanja."

"Wa mkaziyu?"

"Kumanzere." Anayang'ananso.

"Kwawoko kuli madzuwa awiri eti? Nanga thabwa la benchili, bwanji likuoneka kudutsa paphewa pa mkaziyu? Ndi wa galasi?"

Dotolo analanda galasi lija. Kumbuyo kwa benchi kunali kamtengo kofika m'chiuno, ndipo pamalo omwewo panalinso thunthu la mtengo waukulu, zonse zitasanjikizana.

"Funso lomaliza," anatero mdalayo. "Makamera akalewa, ukajambula kenako n'kudinanso osapukusa filimu, amakuletsa?"

"Sakuletsa," Dotolo ananong'ona. "Zithunzi ziwiri zimagwera pamodzi."

"Ndinakuphunzitsa uli ndi zaka khumi zimenezi. Iwe umaona fumbi limene ine sindiliona, koma nsanje ndi nkhungu, mwana wanga, ikamera pagalasi suonanso kanthu."

Dotolo sanavule n'komwe chovala chake chantchito. Anasindikiza chithunzi china choyera bwino, n'kuthamanga nacho chisanaumitsitse.

Anamupeza Telala atawerama pa makina ake osokera, ataonda m'masaya. Telala sanaimitse makinawo.

"Mwabwera kudzayezetsa?" anafunsa.

"Inu" ameneyo anamulasa Dotolo kuposa singano. "Ndili ndi funso limodzi lokha. Kamera ija, alipo anaidinapo usanabwere nayo?"

Makina anaima. "Mlongo wanga. Tsiku limene tinaipeza ndinali pa benchi, iye n'kunena kuti mwetulira, n'kudina. Tinkangosewera, timayesa ndi yakufa. Bwanji?"

Dotolo anaika chithunzicho pansalu imene Telala ankasoka.

Telala anachiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta manja pa buluku, kenako n'kuchinyamula m'mphepete.

"Amayi," anatero. "Awa ndi amayi."

"Bambo ako anawajambula, koma sanapukuse filimu. Chithunzicho chinadikira pa nambala eyiti zaka zonsezi, mpaka mlongo wako anakuika pambali pawo."

"Sindinawaonepo akuseka chonchi. Ine ndinawadziwa ali kale amasiye." Chala chake chinaima pa dzanja la mayiwo. "Ndiye m'mimbamu..."

"Ndi iweyo. Uli kawiri pachithunzipa."

Telala analira, misozi n'kumagwera pa diresi la mwini wake, ndipo Dotolo analira naye. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo, n'kubwerera chakumbuyo.

"Ndikhululukire, kasingano kanga," anatero Dotolo. "Ndinakuweruza osakufunsa. Ndinachitira nsanje mayi ako."

"Unandipweteka," anatero Telala. "Masiku onsewa ndasoka manja a malaya chagada kawiri konse. Ukanangondifunsa."

"Ndikudziwa."

Kenako Telala anayang'ananso chithunzi chija, n'kuseka misozi ikadali m'maso.

"Komatu sindinaname. Ndinati pa benchipo panakhala mayi ndi mlongo wanga basi."

"Sunaname."

"Chimene chinkandiwawa n'chakuti mayi anapita asanakuone. Lero ndiwe wandibweretsera iwowo." Anachotsa tepi yoyezera imene inali m'khosi mwake. "Bweretsa dzanja. Lamanzerelo."

"Ukufuna kutani?"

Telala anagwira dzanjalo. Anazunguliza tepiyo pa chala chachinayi, n'kuwerenga mosamala, n'kulemba nambalayo pakhoma ndi choko chake cha buluu.

"Suyezanso kuti utsimikize?" anafunsa Dotolo.

"Ndinakuuza kale, Dotolo wanga. Ine sindiyeza kawiri."

Lamlungu lotsatira mdala anatseka shopu, n'kupita nawo ku khonde lija atakolekera kamera m'chikwama chatsopano. Anaika filimu yatsopano, n'kupukusa mpaka pa kazenera kofiira panaoneka nambala wani. Telala anakhala pamalo ake akale. Dotolo anaima pang'ono, akuyang'ana mbali ya benchi imene inali yopanda munthu.

"Khala, mayi," anatero mdalayo, diso lili pa kamera. "Apongozi ako anakusungira malowo zaka makumi atatu."