Mbalame Yopanda Pasipoti

Tsiku lomaliza limene Keresia anawaona Abambo ake ali moyo, anali pakhomo ku Gezina, ku Joni. Ankavala jombo. Ankaimba mluzu.

"Tchi! Trrrrr!"

"Nyimbo yanji imeneyo, Ababa?" anafunsa Keresia.

"Ya mbalame yakwathu ku Balaka," anatero Abambo. "Ndi yabuluu. Mlomo wake ndi wofiira. Imakonda kotentha. Kuno sindinaionepo."

Abambo anakwera takisi. Anadwalira kuntchito. Sanabwerenso.

Keresia ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuiona mbalame ija.

Achimwene ake, a Dumisani, anasiya koleji. Anatenga ntchito ya Abambo ya m'gadeni. Anatenganso jombo zija. Zinkawakhwepa.

Sukulu itatsekera, Keresia anawaperekeza kuntchito. Kunkatentha kwambiri. Mwadzidzidzi anamva mawu.

"Tchi! Trrrrr!"

Keresia anayang'ana kumwamba. Yabuluu! Ya mlomo wofiira! Inali pamtengo wouma. Inalowa m'mphako. Inatuluka. Inalowanso.

"Achimwene! Yabwera! Yabwera!"

A Dumisani anaponya khasu pansi. "Eish! Nayonso yabwera ku Joni? Pasipoti ili nayo imeneyi?"

Anaseka mpaka misozi.

Kenaka anatuluka mwini nyumba, Madamu Rehana.

"Dumisani, mtengo woumawu udule. Udzandigwera pagalimoto."

Keresia anayang'ana mphako ija. Mtengo ukagwa, mbalame ithawa.

Koma wantchito sayankha bwana kuti ayi. Ntchito ingathe.

"Chabwino, Madamu," anatero a Dumisani. "Mawa."

Kunacha.

"Dumisani, mtengo uja?"

"Nkhwangwa yabuntha, Madamu. Mawa."

Kunachanso.

"Dumisani, mtengo uja?"

"Mpini wathyoka, Madamu. Mawa."

Kunachanso.

"Dumisani!"

"Kuli mphepo, Madamu. Mawa."

Kunalibe mphepo. Ngakhale tsamba silinkagwedera.

Madamu analowa m'nyumba. Anatuluka ndi sowo watsopano.

"Mawa lako lafika," anatero. "Dula, kapena ndipeze wina."

A Dumisani analandira sowo ndi manja awiri. Anayang'ana pansi.

Keresia anathamanga. Anawagwira dzanja Madamu.

"Madamu, takhalani pansi pang'ono. Musalankhule."

"Ine? Pa udzu?"

"Shhh!"

Madamu anakhala. Anadikira. Anadikirabe.

Phaa! Mbalame inatera. Kukamwa inanyamula chiwala. Inalowa m'mphako. M'katimo munamveka timawu. Tswi! Tswi! Tswi!

"Muli tiana!" ananong'ona Madamu. "Mbalame iyi ndinkaiona ku Limpopo ndili mwana. M'gadeni muno ikufunamo chiyani?"

"Nyengo yasintha, Madamu," anatero a Dumisani. "Kale chisanu chinkawotcha maluwa onse. Abambo ankawafunditsa masaka. Chaka chino ndafunditsa ochepa. Kuno kwayamba kutentha ngati kwathu."

"Ndiye yasamukira kuno?"

"Ikufuna pokhala, Madamu. Ngati ife tomwe."

Madamu anayang'ana galimoto. Anayang'ana mphako. Anayang'ananso galimoto.

"Dula nthambi zokha," anatero. "Thunthu ulisiye. Galimoto ndiziimika kunja kwa geti."

"Ndidule lero, Madamu?"

"Ayi! Uwadzidzimutsa anawo! Akakula!"

Keresia anadumpha. Anavina. Nsapato imodzi inagwera m'maluwa.

Tsiku lililonse mbalame inkabwera ndi chiwala. Tsiku lililonse timawu tinkakula.

Tsiku lina Amayi anapempha ofu kuntchito kwawo. Anavala chitenje chawo chabwino. Anakwera takisi ndi ana awo. Madamu anawatulutsira mipando. Anawatulutsiranso tiyi ndi masikono.

Kamlomo kanasuzumira pamphako.

"Ako! Ako!" anakuwa Keresia.

"Iwe, pang'onopang'ono!" anatero Amayi. Koma nawonso anali ataimirira. Tiyi anatayikira pachitenje. Sanaone n'komwe.

Kamwana kanatambasula mapiko. Kanagwera pa udzu. Kanadzuka. Kanauluka!

Kachiwiri kanauluka. Kachitatu kanakana, kanakana, kenaka nakonso kanauluka.

A Dumisani anamunyamula Keresia paphewa kuti aone bwino.

Linali Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025.