Rimoti Yochedwa Kumvera

Chimene Atelala anayamba kudabwa nacho n'choti rimoti yawo yatsopano inkachedwa kumvera. Akadina batani, TV inkayamba yakhala kaye duu, ngati mwana amene akuganiza zoti atumike kapena akane, kenako n'kusintha tchanelo.

Mkuluyu anasiya kusoka maso atayamba kuvuta, ndipo chikondi chonse chimene anali nacho pa makina osokera anachisamutsira pa zipangizo za pabalaza: TV yaikulu, dikoda, ndi masipika amene anawapachika m'makona onse. Chilichonse chinali ndi rimoti yake, koma ya TV inali itasowa kalekale. Anaifuna kunsi kwa tebulo, kuseri kwa kabati, mpaka m'thumba la nsanza, osaipeza. N'chifukwa chake anakagula rimoti imodzi yoti izilamula zonse.

Wogulitsa anawalangiza bwino. Anati akanikize batani lapamwamba mpaka kanyali kofiira kayake osathima, kenako aloze chipangizocho n'kumadina batani lozimitsira pang'onopang'ono, poti kudina kulikonse rimotiyo imakhala ikuyesa chilankhulo china. Chipangizocho chikangothima ndiye kuti zamvana, adine batani lapakati kuti isaiwale. Madzulo ake Atelala anadina mpaka chala kuwawa. Dikoda inakana, masipika anakana. Atatsala pang'ono kutaya mtima analoza TV, kudina kangapo, TV ija thimu!

"Mwaona, amayi?" anatero mosangalala, osacheuka n'komwe. "Ndaigonjetsa."

Akazi awo anali pampando wawo wa masiku onse, pafupi ndi zenera, atafunda bulangete mpaka pachifuwa. Chiwagwirireni matenda opha ziwalo chaka chapitacho, sanatulutsepo mawu. Dzanja lamanja linafa, lamanzere linkangonjenjemera. Atelala ankawakonda akazi awo, zimenezo palibe angatsutse, koma kuwayang'ana kumaso kunkawapweteka mtima, ndiye ankathawira ku mawaya.

Amene ankadwazika kwenikweni anali achemwali awo a Atelala, mayi wolimbikira ntchito koma wa pakamwa posatseka. Iwo anali atagamula kale kuti wodwalayo mutu unapita, chatsala ndi thupi. Madzulo ena, kunja kutayamba kuda, anaima pakati pa balaza manja ali m'chiuno.

"Achimwene, ine ndatopa ndipo inunso mwatha. Ndalankhula ndi abale awo. Abwera Loweruka kudzawatenga alamuwa. Komwe ali sakudziwa, ndiye kaya kuno kaya uko, n'chimodzimodzi."

Asanamalize, mawu a TV anayamba kukwera. Anakwera pang'onopang'ono, mizere yobiriwira ikuwonjezekera pagalasi, mpaka wowerenga nkhani anali kukuwa ndipo makapu a m'kabati anayamba kugundana. Rimoti yatsopano ija inali patebulo, palibe anaikhudza.

"Tatsitsani chinthucho!" anakalipa achemwali.

Atelala anaitola n'kudina. TV inakana kwa kanthawi, kenako mawu anatsika monyinyirika.

Mawa lake zinachitikanso, mkuja wake chimodzimodzi, ndipo nkhani inafala mumsewu wonse. Mayi wa pagolosale anati zipangizo zogula kwa anthu ena zimabwera ndi mizimu ya eni ake. Wina anati anamvapo TV ya m'nyumbamo ikuseka magetsi atathima, lomwe linali bodza lamkunkhuniza. Achemwali anayamba kudutsa pabalaza chozemba, akulankhula monong'ona.

"Muno muli chinthu, achimwene. Odwalawa achoke msanga, mwina chikutsata iwowa."

Atelala mantha anali nawo, koma chidwi chinawaposa. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akufufuza chifukwa chimene ulusi ukudukira sangagone chinthu chikumuzunguza mutu. Anaona kuti m'mawa, akazi awo akamasambitsidwa kuchipinda, rimotiyo sinkagwira ntchito mpang'ono pomwe, ndipo anaganiza kuti mwina ndi kuwala kwa dzuwa.

Lachisanu madzulo achemwali anali kuchipinda akulongedza zovala za wodwala. Pabalaza nyali inali isanayatsidwe. Kuwala kunali kwa TV kokha, kukuvinavina pamakoma, ndipo kunja mphepo inkakhulitsa nthambi padenga. Atelala anadina batani, tchanelo inasintha. Koma rimotiyo inawapepukira m'manja. Anaitembenuza n'kutsegula kumbuyo kwake. Munalibe kanthu. Apo m'pamene anakumbukira kuti mabatire anawachotsa masana n'kuwaika mu tochi.

Thupi lonse linachita tsembwe. Kenako anaikweza rimoti yopanda mabatireyo n'kudina. Tchanelo inasintha. Analoza kudenga n'kudina, inasinthanso. Anaibisa m'thumba la jekete n'kudinira momwemo. Palibe chinachitika. Anadinanso mwamphamvu, TV inangokhala.

"Kodi," ananong'ona okha, "chinthu chimenechi chimafuna kuona?"

Anaika rimoti pansi n'kutola chipeso chimene chinali patebulo. Anachikweza bwinobwino, kuloza nacho TV, n'kukanikiza chala chachikulu pamano ake. Nthawi ino sanayang'ane galasi, anatchera khutu. Tchanelo isanasinthe, kudzanja lawo lamanzere kunamveka kaphokoso kakang'ono, ke, ngati nsabwe ikuphwanyidwa.

Anatembenuka pang'onopang'ono. M'kuwala kwa TV kuja maso a akazi awo anali otseguka, ali pa chala chawo chachikulu, kuchidikira. Kenako masowo anakwera n'kukumana ndi a amuna awo. Sanali maso a munthu amene mutu unapita.

Atelala anagwada pafupi ndi mpando n'kuvundukula bulangete. Pakati pa ntchafu ya wodwalayo ndi mkono wa mpando panali rimoti yakale ya TV, itagwidwa ndi dzanja lamanzere lija. Pa malo onse m'nyumbamo, pamenepo pokha ndi pamene sanafunepo. Rimoti yatsopano sinamvanepo ndi TV chiyambire. Madzulo oyamba aja, akazi awo anawaona akudina mpaka thukuta, n'kuwamvera chisoni, n'kuwazimitsira. Kuyambira pamenepo anakhala akuwamvera chala tsiku ndi tsiku kuti bambo asachite manyazi, ndipo bamboyo sanacheuke ngakhale kamodzi.

Manyazi amene ankawatetezawo anawagwira tsopano, aakulu. Misozi inangoyoyoka.

"Achemwali," anaitana ndi mawu osasa, "tabwerani kuno."

Achemwali anatulukira pakhomo la kuchipinda atanyamula madiresi opinda. Ataona rimotiyo m'dzanja la alamu awo anaima chilili.

Atelala anapukuta m'maso n'kuyang'ana akazi awo. "Amayi, mawa kukubwera abale anu. Ife takhala tikukambirana za inu ngati katundu. Ndikufunsani tsopano, mochedwa momwemu. Ngati mukufuna kupita nawo, isiyeni TV iyake. Ngati mukufuna kukhala pakhomo panu pano, izimitseni."

Chala chija chinayamba ulendo wake, chikunjenjemera, kuchoka pansi kupita ku batani lofiira. Chinaterereka, tchanelo n'kusintha. Chinabwerera, kupuma, n'kuyambiranso. Atelala anafuna kuchithandiza koma anadziletsa, manja ali pamaondo. Pamphumi pa wodwalayo panatuluka thukuta.

TV ija thimu, balaza lonse bii.

Mumdimamo Atelala anafufuza dzanja lija n'kuligwira, ndipo linawafinya, mofooka koma mosakayikitsa. "Achemwali, abale awo muwaimbire foni," anatero. "Akabwera abwere kudzacheza."

Achemwali anaimabe pakhomo paja, madiresi ali m'manja, akukumbukira mawu onse amene analankhula pabalaza pamenepo chaka chathunthu, akuyesa kuti palibe akumva.